Kukhazikitsa kukula kwa zenera la Emacs ikamayenda ngati seva

Emacs, pulogalamu yolembera ndi kukonzera mafayilo, ikayatsidwa ndi lamulo la `emacs --daemon`, imawerengeratu makonzedwe anu onse n'kukhala phee kumbuyo ngati seva, kudikira. Mukalemba `emacsclient -c`, zenera limatulukira pompopompo, osadikiranso kuti mapaketi alowe limodzilimodzi. Njira imeneyi inabwera ndi Emacs 23.1 m'chaka cha 2009, ndipo amene waizolowera safuna kubwerera m'mbuyo. Chimene chimakhumudwitsa ambiri tsiku loyamba n'chakuti kukula kwa zenera kumene anasankha kalekale kumasowa. Dzulo Emacs imatseguka yotambasuka bwino, lero kwatuluka kazenera ka zilembo 80 m'lifupi, pomwe mu `init.el`, fayilo ya makonzedwe anu, simunakhudze kalikonse.

Palibe chimene chawonongeka. Makonzedwe anu akugwira ntchito, kungoti akupita ku zenera limene simuliona.

Kumene kukula kwanu kukuthawira

Chimene ife timachitcha zenera, chija chili ndi mutu pamwamba ndi batani lotsekera, Emacs imachitcha frame, ndipo dzinali ndi limene mupeze m'malamulo onse m'munsimu. Emacs ili ndi mindandanda iwiri yonena za maonekedwe a frame. Woyamba ndi `initial-frame-alist`, umene umakhudza frame yoyamba yokha, ija imabadwa pamene pulogalamu ikuyamba. Wachiwiri ndi `default-frame-alist`, umene frame iliyonse yatsopano imatengako. Malangizo ambiri akale amati ikani `width` ndi `height` mu woyambawo, ndipo kwa munthu amene amatsegula Emacs mwa masiku onse, zimenezo zimayenda.

Seva nayo ili ndi frame yoyamba, koma ndi yobisika, yopanda zenera pa sikirini. Mukhoza kuiona ndi maso anu. Yatsani seva, musatsegule zenera lililonse, ndipo mu terminal lembani:

```
emacsclient -e '(frame-list)'
```

Yankho likhala mndandanda wa chinthu chimodzi chokha, choyamba ndi `#<frame F1`. F1 ameneyu ndiye mwini wa `initial-frame-alist`. Zenera limene `emacsclient -c` ikutsegulireni ndi lachiwiri kale, choncho mndandanda woyamba ulibe nalo gawo.

Palinso msampha wina wochokera ku gwero lomweli. Anthu ambiri ali ndi mizere yotere mu `init.el`:

```
(when (display-graphic-p)
  (set-frame-size (selected-frame) 120 45))
```

Seva imawerenga `init.el` kamodzi kokha, pa nthawi imene palibe zenera ngakhale limodzi. Pa nthawi imeneyo `display-graphic-p` imayankha `nil`, kutanthauza ayi, mzere wachiwiri n'kudumphidwa. Ena akaona choncho amachotsa `when` uja, koma sizithandiza: lamulo limangogwera pa F1 yemweyo. Chilichonse chofunsa za sikirini kapena chokhudza `selected-frame` pa nthawi yoyamba chimalankhula ndi frame yobisika.

Choyamba, pezani fayilo yoyenera ndi manambala oyenera

Tsegulani zenera ndi `emacsclient -c`, kenako dinani `C-h v` (`C-` ndi batani la Ctrl), lembani `user-init-file`. Emacs ikuuzani fayilo imene ikuwerengadi. Ikhoza kukhala `~/.emacs`, `~/.emacs.d/init.el`, kapena `~/.config/emacs/init.el` kuyambira pa Emacs 27.1. Musadumphe gawo limeneli. Ngati pali `~/.emacs` yakale imene munaiwala, Emacs imayamba yatenga imeneyo, inu n'kumalimbana ndi fayilo imene siwerengedwa n'komwe. Ogwiritsa ntchito Doom Emacs aike zonse zikubwerazi mu `config.el`, a Spacemacs mkati mwa `dotspacemacs/user-config`.

Manambala musawaganizire m'mutu. Gwirani ngodya ya zenera ndi mausi, likokeni mpaka lifike pamene maso anu akhutira, kenako dinani `M-:` (`M-` ndi batani la Alt) n'kulemba:

```
(list (frame-width) (frame-height))
```

Pansi pa zenera patuluka manambala awiri, mwachitsanzo `(110 36)`. Alembeni penapake. Amenewa si mapikiselo. Loyamba ndi kuchuluka kwa zilembo zimene zingakwane pa mzere umodzi, lachiwiri ndi kuchuluka kwa mizere.

Apa ndi pofunika kuima pang'ono, chifukwa anthu ambiri amene amati kukula sikukhazikika, vuto lawo lenileni ndi font. Popeza Emacs imayeza ndi zilembo, font ikasintha zenera nalo limasintha. Tengani laputopu wamba ya sikirini ya 1366 kwa 768. Font ya DejaVu Sans Mono pa saizi 12 imadya mapikiselo pafupifupi 10 m'lifupi ndi 19 m'litali pa chilembo chilichonse. Zilembo 110 ndiye kuti mapikiselo 1100, zikukwana bwino. Koma mizere 45 ikufuna mapikiselo 855, ndipo sikirini ili ndi 768 yokha, musanachotsepo mutu wa zenera ndi kapamwamba ka desktop. Mukakopera `(height . 45)` kwa munthu wa sikirini yaikulu, m'munsi mwa zenera mulowa pansi pa sikirini, ndipo kumeneko ndi kumene kuli minibuffer, malo olembera malamulo. Emacs imaoneka ngati yauma pomwe ikukufunsani funso pamalo amene simukuwaona. Pa sikirini yotere mizere 34 mpaka 36 ndiyo malire abwino. Kuti mudziwe za font yanu, `(frame-char-width)` ndi `(frame-char-height)` zikupatsani manambala enieni.

Chachiwiri, lembani mu default-frame-alist

Tsegulani fayilo ija munaipeza ndi kuikamo izi, ndi manambala anu:

```
(setf (alist-get 'font default-frame-alist) "DejaVu Sans Mono-12")
(setf (alist-get 'width default-frame-alist) 110)
(setf (alist-get 'height default-frame-alist) 36)
```

Font ili m'ndandanda womwewo mwadala. Ikakhala mmenemo, zenera limabadwa kale ndi font yake ndi kukula kwake nthawi imodzi. Mukaisintha pambuyo, zenera limatuluka ndi kukula kwina kenako n'kudumpha kupita ku kwina, zimene zimatopetsa maso ngati mumatsegula mazenera pafupipafupi.

Mwina mwaonapo ena akulemba `(add-to-list 'default-frame-alist '(width . 110))`. Nayo imagwira ntchito, koma ili ndi khalidwe lofunika kulidziwa. Mukasintha 110 kukhala 120 n'kuyendetsanso mzerewo, wakale suchoka. Mndandanda umakhala ndi `width` iwiri, ndipo Emacs imamvera imene ili kutsogolo. Kenako mukafuna kubwerera ku 110, `add-to-list` imaona kuti 110 alimo kale, siichita kanthu, ndipo 120 amakhalabe kutsogolo. Munthu amasokonezeka n'kuyamba kukayikira seva. Njira ya `setf` ndi `alist-get` imalowetsa nambala yatsopano pamalo pa yakale, n'chifukwa chake ndimaikonda pa nthawi yoyesayesa.

Chimene ndikuletsa ndi `setq` ya mndandanda wonse. Malamulo ena amalemba zawo m'ndandanda womwewu mwakachetechete. Mwachitsanzo `(scroll-bar-mode -1)` imaikamo mawu oti mazenera atsopano asakhale ndi kampiringidzo kotsitsira tsamba. Mukabwera pambuyo pake ndi `setq`, mwafufuta zimenezo, ndipo kampiringidzoko kabwerera.

Ngati Emacs yanu ndi 27.1 kapena yatsopano kuposa pamenepo, mizere itatuyi mukhoza kuiika mu `early-init.el`, fayilo yokhala mufoda imodzi ndi `init.el`. Kwa seva palibe kusiyana. Phindu limaoneka tsiku limene mwatsegula `emacs` wamba, chifukwa fayiloyi imawerengedwa zenera loyamba lisanajambulidwe. Zakale zija za mu `initial-frame-alist` zichotseni, kuti Emacs wamba ndi emacsclient zizitsegula zenera lofanana.

Chachitatu, yambitsaninso seva, osati zenera lokha

Apa ndi pamene ambiri amaphonya. Mukadina `C-x C-c` pa zenera la emacsclient, mwatseka zeneralo basi. Seva ikadali moyo ndi makonzedwe ake akale, ndipo zenera lotsatira lituluka chimodzimodzi. Sungani kaye ntchito yonse ndi `C-x s`, chifukwa lamulo lotsatirali silifunsa mafunso:

```
emacsclient -e '(kill-emacs)'
emacs --daemon
emacsclient -c
```

Ngati seva yanu imayatsidwa ndi systemd, monga zimakhalira pa Linux kwa amene analemba `systemctl --user enable emacs`, lamulo ndi `systemctl --user restart emacs`. Fayilo ya `emacs.service` imabwera limodzi ndi Emacs kuyambira pa 26.1 ya 2018.

Nthawi zina simungafune kuzimitsa seva chifukwa muli ndi mafayilo ambiri otsegula. Ikani cholozera kumapeto kwa mzere uliwonse mwa itatu ija n'kudina `C-x C-e`, kenako `C-x 5 2` kuti mutsegule zenera latsopano. Ngati latuluka ndi kukula kwatsopano, manambala ali bwino. Komabe mudzayambitsenso seva mukapeza mpata, chifukwa ndi pokhapo pamene mungatsimikize kuti palibe mzere wina m'fayilo umene ukubwera pambuyo n'kusintha zimene mwalemba.

Ngati sikirini zanu ndi zosiyana

Amene amalumikiza laputopu ku monita yaikulu masana n'kuigwiritsa ntchito yokha madzulo, manambala a zilembo amamuvuta: okwana pa monita akusefukira pa laputopu. Kuyambira pa Emacs 26.1 pali yankho lapafupi limene anthu ambiri sanalimve. M'malo mwa nambala yathunthu, mukhoza kupereka gawo la sikirini, kuyambira 0.0 mpaka 1.0:

```
(setf (alist-get 'width default-frame-alist) 0.6)
(setf (alist-get 'height default-frame-alist) 0.9)
(setf (alist-get 'left default-frame-alist) 0.5)
(setf (alist-get 'top default-frame-alist) 0.5)
```

Zenera litenga magawo 6 mwa 10 a m'lifupi, 9 mwa 10 a m'litali, ndipo 0.5 pa `left` ndi `top` akuliika pakatikati. Kuwerengera kumachitika pa nthawi imene zenera likubadwa, pamene sikirini ikudziwika kale, ndiye vuto la F1 lija silibwera. Samalani kadontho: `1.0` ndi sikirini yonse, koma `1` ndi chilembo chimodzi.

Wofuna mapikiselo enieni alembe `'(text-pixels . 1200)` pamalo pa nambala. Wofuna kuti zenera lingodzaza sikirini, mzere umodzi ukwanira:

```
(setf (alist-get 'fullscreen default-frame-alist) 'maximized)
```

`maximized` imasiya mutu wa zenera ndi kapamwamba ka desktop zikuoneka, `fullboth` imaphimba zonse, `fullheight` imadzaza m'litali mokha. Mukaona kampata kopanda kanthu m'mphepete mwa zenera lodzaza, onjezerani `(setq frame-resize-pixelwise t)`. Kampatako kamabwera chifukwa Emacs imakula ndi chilembo chathunthu, ndipo mapikiselo otsala osakwana chilembo imawasiya.

Kwa anthu ambiri nkhani yathera pamenepa. Malangizo ochuluka amathamangira ku hook, mndandanda wa malamulo amene Emacs imayendetsa yokha chinthu china chikachitika, koma ine ndimaona kuti hook ndi yofunika pokhapokha ngati pali chosankha chimene sichingadziwike zenera lisanabadwe. Chitsanzo chabwino ndi munthu amene akufuna zenera lodzaza pa laputopu, koma la zilembo 130 ndendende pa monita yaikulu kuti aike mafayilo awiri moyandikana:

```
(defun linganiza-zenera (frame)
  (when (and (display-graphic-p frame)
             (not (frame-parent frame)))
    (if (> (nth 2 (frame-monitor-workarea frame)) 1600)
        (set-frame-size frame 130 50)
      (set-frame-parameter frame 'fullscreen 'maximized))))

(add-hook 'after-make-frame-functions #'linganiza-zenera)
```

Onani kuti mawu oti `frame` akuperekedwa paliponse. Pa nthawi imene `after-make-frame-functions` ikuyenda, zenera latsopano silinasankhidwe, choncho mukalemba `(display-graphic-p)` popanda `frame`, funso likhoza kubwereranso kwa F1. Mzere wa `frame-parent` ukuteteza timazenera ting'onoting'ono timene mapaketi ena amatsegula posonyeza mawu omalizitsa. Popanda mzerewu, kabokosi ka mawu asanu kangafufume mpaka kuphimba sikirini. Ndasankha `frame-monitor-workarea` m'malo mwa `display-pixel-width` chifukwa yachiwiriyi imaphatikiza monita zonse zolumikizidwa. Laputopu ya 1366 ndi monita ya 1920 zikakhala moyandikana imayankha 3286, kaya zenera lili pa sikirini iti. `frame-monitor-workarea` imayang'ana monita imene zenera lilipo, ndipo nambala yachitatu m'yankho lake ndiyo m'lifupi.

Emacs 27.1 inabweretsanso `server-after-make-frame-hook`, imene imayenda zenera la emacsclient litasankhidwa kale, ndiye sifuna kupatsidwa `frame`. Ndi yabwino pa zimene zikukhudza emacsclient yokha, koma mazenera otsegulidwa ndi `C-x 5 2` siiwaona.

Zenera la ntchito imodzi

Si zenera lililonse limene liyenera kukhala lalikulu. Polemba uthenga wa commit mu Git, mizere ndi yochepa ndipo mwambo wake ndi wosapitirira zilembo 72 pa mzere. `emacsclient` ilibe `-g` ngati `emacs` wamba, koma ili ndi `-F`, imene imalandira mndandanda wofanana ndi uja:

```
emacsclient -c -F '((width . 80) (height . 24))' fayilo.txt
```

Zimene mwapereka pa `-F` zimaposa za mu `default-frame-alist`, pa zenera limenelo lokha. Ngati mu `default-frame-alist` muli `maximized`, onjezerani `(fullscreen . nil)` m'ndandandawu, apo ayi kazenera kanu kadzazabe sikirini. Kuti musamavutike ndi zizindikiro zogwidwirazi tsiku lililonse, pangani fayilo `~/.local/bin/ec-kakang-ono` ndi mizere iwiri iyi:

```
#!/bin/sh
exec emacsclient -c -a "" -F '((width . 80) (height . 24) (fullscreen . nil))' "$@"
```

Ipatseni chilolezo ndi `chmod +x ~/.local/bin/ec-kakang-ono`, kenako uzani Git kuti `git config --global core.editor ~/.local/bin/ec-kakang-ono`. Kachidutswa ka `-a ""` kakutanthauza kuti seva ikapezeka yozima, emacsclient iiyatse yokha. Musaikemo `-n`: Git iyenera kudikira mpaka mutamaliza kulemba, ndipo `-n` imaiuza kuti mwamaliza musanalembe chilembo. Tsopano mukalemba `git commit`, kazenera katulukira pamwamba pa terminal, mulembe uthenga, musunge ndi `C-x C-s`, mudine `C-x #`, kazenerako katseka ndipo Git ipitiriza.

Kumbukirani kuti hook ija ya `linganiza-zenera` imayenda zenera litabadwa kale, ndiye imaphwanya zimene `-F` yapempha. Ngati mukufuna zonse ziwiri, patsani kazenerako dzina poonjezera `(name . "git")` m'ndandanda wa `-F`, ndipo mu `and` ya hook onjezerani mzere uwu:

```
(not (equal (frame-parameter frame 'name) "git"))
```

Zikakanikabe

Yambani ndi kufunsa seva yeniyeniyo chimene ikudziwa:

```
emacsclient -e 'default-frame-alist'
```

Ngati manambala anu mulibe, kapena muli ena amene simunalembe, tsikirani kumapeto kwa `init.el` mukaone `custom-set-variables`. Amene anagwiritsapo ntchito `M-x customize` pa mndandandawu ali ndi mzere wa `default-frame-alist` mmenemo, ndipo poti umawerengedwa pomaliza, umafufuta zonse za pamwamba. Ufufuteni. Ngati muli ndi `custom-file` yapadera, yang'ananinso kumeneko.

Zikhozanso kutheka kuti `init.el` ili ndi cholakwika pamwamba pa mizere yanu, ndiye Emacs inasiya kuwerenga isanafike pa iyo. Pa Emacs wamba chenjezo limaoneka nthawi yomweyo, koma pa seva palibe zenera loti lionekerepo. Yatsani ndi `emacs --daemon --debug-init` n'kuwerenga zimene zatuluka mu terminal, kapena tsegulani `*Messages*` ndi `C-h e` zenera likatseguka.

Ngati manambala alimo koma zenera silikumvera, yesani pa seva ina yopanda makonzedwe anu. Emacs imalola maseva angapo nthawi imodzi, iliyonse ndi dzina lake, choncho ntchito yanu sikhudzidwa:

```
emacs -Q --daemon=mayeso
emacsclient -s mayeso -c -F '((width . 110) (height . 36))'
emacsclient -s mayeso -e '(kill-emacs)'
```

Zenera likatuluka bwino apa, wolakwa ali m'makonzedwe anu, paketi ina kapena hook ina ikusintha kukula pambuyo. Sankhani theka la `init.el` n'kulitseka ndi `M-;` kuti lisawerengedwe, yesani, kenako theka la theka, mpaka mumupeze.

Likakanikanso pa seva ya mayeso, nkhani yachoka m'manja mwa Emacs. Pulogalamu imangopempha kukula; woyang'anira mazenera a desktop ndiye amavomera kapena kukana. i3 ndi Sway amagawa okha sikirini, ndipo `width` ndi `height` alibe nazo ntchito pokhapokha zenera likhale loyandama. Pa i3, mzere uwu mu fayilo ya config uyandamitsa kazenera ka Git kaja, ndipo kukula kumene munapempha kugwira:

```
for_window [title="^git$"] floating enable
```

Pa Wayland, njira yoonetsera mazenera pa Linux imene inabwera pambuyo pa X11, kukula kumalemekezedwa koma malo ayi. Emacs yomangidwa ndi PGTK, imene inabwera ndi 29.1 mu 2023, singasankhe pokhala zenera lake chifukwa Wayland salola pulogalamu kutero, ndiye `left` ndi `top` sizichita kanthu. `M-: window-system` ikayankha `pgtk` ndipo muli pa Wayland, malo a zenera akonzereni ku malamulo a desktop yanu, monga Window Rules pa KDE Plasma. Pa X11, oyang'anira mazenera ena amanyalanyaza malo amene pulogalamu yapempha kufikira atauzidwa kuti wapempha ndi mwini kompyuta. Mzere wowauza ndi uwu:

```
(setf (alist-get 'user-position default-frame-alist) t)
```

Chotsala ndi amene amasinthasintha pakati pa `emacsclient -c` ndi `emacsclient -t`, ija imatsegula Emacs mkati mwa terminal. Seva ndi imodzi, `default-frame-alist` ndi imodzinso, pomwe mu terminal kukula ndi font zimachokera kwa terminal yomweyo. Kuti za mazenera zisasakanikirane ndi za terminal, chotsani mizere ija mu `default-frame-alist` n'kuisamutsira ku mndandanda umene umasiyanitsa mitundu ya sikirini:

```
(setq window-system-default-frame-alist
      '((x    . ((font . "DejaVu Sans Mono-12") (width . 110) (height . 36)))
        (pgtk . ((font . "DejaVu Sans Mono-12") (width . 110) (height . 36)))))
```

Pa macOS dzina lake ndi `ns`, pa Windows ndi `w32`. Zolembedwa mu mndandanda umenewu zimaposa za mu `default-frame-alist`, koma `-F` imaziposabe zonse.